Generations Yakomanso, Koma Bala la 2014 Lisaiwalike

Pakati pa anthu okonda masewero a pakanema pali mkangano umene wakhala ukubuka mobwerezabwereza. Umamveka m'zipinda za lendi za ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene Amalawi ndi abale awo a ku Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique amapumulira akaweruka kuntchito, ndipo umafika mpaka kumudzi kudzera m'mafoni. Mkanganowu ndi wa sewero la Generations: The Legacy. Ena akuti seweroli lakomanso, nkhani zake zayamba kugwira mtima, moti munthu akaphonya usiku umodzi amadzuka n'kufunsa anzake zimene zinachitika. Ena akuti oyamikirawo angozolowera ndiwo zosakolera mchere, chifukwa Generations yeniyeni inatha mu 2014, ndipo chimene chikuonetsedwa lero ndi mlendo amene anangolowa dzina la malemu. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Komabe pali funso limene zonse zikulilambalala: ngati seweroli lakomadi, chalikometsa n'chiyani, nanga chimene chinalisukulutsa poyamba paja chinali chiyani? Yankho la mafunso awiriwa ndi limodzi, ndipo likukhudza anthu amene amagwira ntchito yochita zisudzo.

Kuti nkhaniyi imveke, nkoyenera kukumbukira kumene seweroli linachokera. Generations inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya SABC mu 1994, chaka chimene dziko la South Africa linachita chisankho choyamba chololeza anthu a mitundu yonse kuponya voti. Amene analiyambitsa ndi Mfundi Vundla. Nkhani yake inazikika pa banja la Moroka ndi makampani otsatsa malonda a mumzinda wa Johannesburg. Kwa munthu wa lero zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma panthawiyo zinali zachilendo. Kwa zaka zambiri za ulamuliro watsankho, munthu wakuda pakanema sankaoneka kawirikawiri ali mwini kampani, atakhala pampando waukulu, akulamula ndi kusaina mapangano a ndalama zambiri. Generations inaika anthu otere pamaso pa dziko lonse. Owonera anaona Karabo Moroka, amene ankamusewera ndi Connie Ferguson, akulimbana ndi amuna m'zipinda za misonkhano. Anadana ndi Ntsiki Lukhele wa Pamela Nomvete chifukwa cha nkhanza zake, anaseka ndi Queen Moroka wa Sophie Ndaba, ndipo pambuyo pake anaopa Sibusiso Dlomo wa Menzi Ngubane.

Seweroli silinathere m'malire a South Africa. Kwa zaka zingapo, mabanja ambiri a m'maiko oyandikana nalo ankagula dishi ndi dikoda yotchipa n'kumaonera SABC kwaulere. Ikakwana 8 koloko usiku, nyumba yokhala ndi kanema inkadzaza ndi ana ndi akulu a m'nyumba zoyandikana. Anthu amene sankadziwa Chizulu, Chisutu kapena Chitswana ankatsatira nkhani powerenga mawu achingerezi olembedwa m'munsi, ndipo wodziwa kuwerenga msanga ankamasulirira anzake. Mwayi umenewu unatha mu 2013, pamene kampani ya Sentech inatseka njira imene zithunzi za SABC zinkafikira kunja kwa dzikolo, potsatira chigamulo cha bwalo lamilandu pa dandaulo la wailesi ya kanema ya eBotswana. Kuyambira pamenepo, olankhula Chichewa amene akutsatirabe seweroli tsiku ndi tsiku ndi makamaka okhala ku South Africa, pamodzi ndi ena amene amasaka timavidiyo pa intaneti. N'chifukwa chake ambiri a kumudzi amakumbukira Generations yakale yokha, ndipo akamva kuti yatsopano yakoma amapukusa mutu.

Chimene chinasintha zonse chinachitika mu Ogasiti 2014. Ochita sewero 16, omwe anali mizati ya nkhani yonse, ananyanyala ntchito. Ankafuna malipiro abwino, makontirakiti a zaka zitatu, komanso gawo la ndalama zimene zimapezeka sewero likaonetsedwa mobwereza kapena likagulitsidwa kumaiko ena. Eni sewero pamodzi ndi SABC anawachotsa ntchito onse 16. Pakati pawo panali Menzi Ngubane, Sophie Ndaba, Katlego Danke, Seputla Sebogodi, Nambitha Mpumlwana, Zolisa Xaluva ndi Winnie Ntshaba. Panthawiyo seweroli linkaoneredwa ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni usiku uliwonse. Vundla anaumirira kuti azisudzo analipo kale ndipo adzakhalapo ena m'tsogolo, choncho sewero lipitirira. Magawo amene anali atajambulidwa kale atatha, Generations inachoka pakanema kwa miyezi iwiri, malo ake n'kugwiriridwa ndi Skeem Saam. Pa 1 Disembala 2014 inabwerera ndi dzina latsopano, nkhani italumpha zaka 20 kupita kutsogolo.

Kulumpha kwa zaka 20 kunali njira yochenjera yothawira vuto. Olemba sanafunikenso kufotokoza kumene aliyense wa anthu 16 aja anapita, chifukwa zaka zochuluka chomwecho zimameza anthu ambiri. Connie Ferguson anabwerera monga Karabo, Rapulana Seiphemo monga Tau Mogale, kuti owonera apeze nkhope zimene akuzidziwa. Komabe ambiri anadandaula. Anali ngati munthu amene wapita kumudzi kwawo patapita nthawi, n'kupeza nyumba ili pomwe inali, mpanda ndi womwewo, koma okhalamo ndi achilendo okhaokha amene akumuitana ndi dzina ngati akumudziwa. Anthu atsopano m'seweromo ankakangana, kulira ndi kuopsezana, koma wowonera analibe chifukwa chodera nkhawa aliyense wa iwo. Mu 2015 kunabadwa Uzalo, sewero la ku KwaMashu mumzinda wa Durban, ndipo posakhalitsa linalanda mpando wa sewero loonedwa ndi anthu ambiri m'dzikolo, umene Generations inaukhalira kwa zaka zambiri.

Tsono amene akuti seweroli lakomanso akuona chiyani? Chinthu choyamba chimene ambiri amatchula ndi banja la Diale. Generations yakale inkakonda kwambiri maofesi, mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Yatsopano inatsegula khomo la nyumba ya kukomboni, kumene Lucy Diale, amene amamusewera ndi Manaka Ranaka, ndi mlongo wake Cosmo, wa Ronnie Nyakale, ankakhala pansi pa diso la agogo awo, Gog' Flo. Lucy ndi mkazi wa pakamwa pakuthwa, wodziwa njira zonse za m'tauni, zoongoka ndi zokhota zomwe, koma wosalola munthu kukhudza abale ake. Munthu amene anachoka ku Mangochi kapena ku Chipata kukasaka ganyu ku Johannesburg amamudziwa mkazi wotere, chifukwa amakumana naye pa mpopi, pa shopu ya pakona ndi kwa mwini nyumba. Chachiwiri ndi kubwerera kwa Vusi Kunene monga Jack Mabaso mu 2016. Sewero lotere limafuna mdani amene owonera amamuopa ndi kumukonda nthawi imodzi, ndipo Mabaso anabwera ndi mbiri yake yonse ya m'zaka zakale, moti kungolowa kwake m'chipinda kunali kale nkhani.

Mfundo ziwirizi n'zoona, ndipo okana kuti seweroli lasintha akulakwitsa pozinyalanyaza. Koma zikayang'anidwa bwino, zonse zikuloza ku chinthu chimodzi, chomwe ndi nthawi. Lucy wa mu Disembala 2014 anali dzina chabe. Lucy wa lero ndi munthu amene owonera amuona akulakwa, akulangidwa, akukonda, akutaya ndi kudzukanso kwa zaka zoposa 10. Akatsinzina diso limodzi kapena kukhala chete pamene aliyense akuyembekezera kuti alalate, wowonera amamva zimene sizinalankhulidwe, chifukwa akudziwa kumene mkaziyu wadutsa. Mabaso naye anagwira mtima msanga chifukwa anabwera atasenza zaka zimene owonera anakhala naye kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sewero lalitali limakoma mwa njira yomweyo. Palibe wolemba, ngakhale waluso chotani, amene angalembe m'sabata imodzi chimene chimamangidwa ndi zaka.

Kagwiridwe ka ntchito ya sewero lotere kamatsimikiza zimenezi. Sewero loonetsedwa masiku asanu pa sabata limafuna magawo pafupifupi 260 pa chaka. Silingalembedwe ndi munthu mmodzi. Pamakhala gulu lokonza njira ya nkhani ya miyezi ingapo kutsogolo, ena ogawa nkhaniyo m'magawo, ndi ena olemba mawu olankhulidwa. Olemba amabwera n'kupita, otsogolera kujambula amasinthana, ndipo nthawi yoyeserera imakhala yochepa chifukwa kamera siidikira. M'chipwirikiti chotere, amene amasunga khalidwe la munthu wa m'sewero kuti lisasokonekere ndi wochita seweroyo. Iye ndiye amadziwa kuti munthu amene akumusewera sangalankhule mawu akutiakuti kwa mayi ake, kapena kuti sangaseke pamaso pa mdani amene anamuphera mwana zaka zisanu zapitazo. Wochita sewero amene wakhala pa gawo limodzi zaka 10 amakhala nkhokwe ya nkhaniyo. Pamene anthu 16 anachotsedwa tsiku limodzi, nkhokwe 16 zinapsa pamodzi, ndipo seweroli linayamba kulima munda watsopano popanda mbewu yosungira.

Pachifukwa chimenechi, mawu oti seweroli lakoma kuposa kale ayenera kulankhulidwa mosamala. Chimene owonera akuona ndi kuchira kwa wodwala. Munthu amene anathyoka mwendo akayambanso kuyenda bwino, abale amakondwera, ndipo n'koyenera kutero, koma palibe wanzeru amene anganene kuti kuthyokako ndiko kunamuthandiza. Pali anthu amene amati zimene zinachitika mu 2014 zinatsimikiza kuti Vundla ankanena zoona, popeza sewero lilipobe pamene ena amene ankapikisana nalo anagwa. Zoonadi, Isidingo inatha mu Malichi 2020, Rhythm City mu 2021, ndipo 7de Laan inatseka mu Disembala 2023. Kukhalapobe kwa Generations ndi umboni wa mphamvu ya dzina lake, ya nthawi yabwino ya 8 koloko, ndi ya khama la azisudzo atsopano. Koma funso loyenera kufunsidwa ndi lakuti seweroli likanakhala pati lero likanasunga anthu ake. Luso limene linachotsedwa silinafe. Menzi Ngubane anakawala mu Isibaya asanamwalire mu 2021, Zenande Mfenyana mu The Queen, ndipo Katlego Danke ndi Zolisa Xaluva anakanyamula sewero la Gomora. Onsewa anali masewero a pa Mzansi Magic, ndiye kuti luso limene linakulira pa SABC linakalemeretsa opikisana nayo.

Nawonso amene amati Generations inafa mu 2014 ayenera kudzifunsa moona mtima. Chikumbumtima chimasankha. Munthu amakumbukira usiku umene Ntsiki anachita zoopsa, n'kuiwala masabata ambiri amene nkhani inkangozungulira pamalo amodzi. Amakumbukiranso zinthu zimene sizinali m'kanemamo: chipinda chodzaza, fungo la nsima ya usiku, mayi amene ankakalipira ana kuti akhale chete, ndi mnzake wa pa mkeka amene lero ali kutali kapena anatsogola. Sewero latsopano silingabweze zimenezo ngakhale litalembedwa bwino chotani. Kuweruza Manaka Ranaka ndi anzake ndi muyeso wa ubwana wa munthu n'kuwalakwira, chifukwa iwo sanachotse aliyense ntchito. Analowa m'nyumba imene inali itagumuka, pamaso pa owonera okwiya, n'kuimanganso njerwa imodziimodzi.

Palinso chinyengo china chimene owonera ayenera kuchenjera nacho, chomwe ndi kuwala kwa chithunzi. Makamera a masiku ano amatulutsa zithunzi zoyera, zovala n'zokongola, nyumba za m'sewero zikunyezimira, ndipo kanema wa m'nyumba zambiri ndi wamkulu kuposa wakale uja. Zonsezi zimakondweretsa maso, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sewero likhoza kuwala kunja pamene m'kati nkhani ili yofooka. Muyeso wodalirika uli pena. Wowonera adzifunse ngati anthu a m'seweromo akukumbukira zimene zinawachitikira chaka chatha, kapena ngati wofedwa lero akuvina mawa ngati palibe chachitika. Aone ngati choipa chimene munthu wachita chikumutsata, kapena chikungosowa olemba akatopa nacho. Atsinzine pang'ono n'kumvetsera: ngati angathe kudziwa amene akulankhula chifukwa cha kalankhulidwe kake kokha, ndiye kuti olemba ndi azisudzo agwira ntchito. Pa miyeso imeneyi Generations: The Legacy ili bwino kuposa mmene inalili m'miyezi yake yoyamba, ngakhale kuti nthawi zina imagwa m'dzenje la masewero onse aatali, lothamangira zodabwitsa pamene nkhani wamba ya m'banja ikanakwanira.

Nkhani imene inayambitsa kunyanyala ntchito kuja sinathe ndi kubwerera kwa sewero. Lamulo loteteza azisudzo ku South Africa ndi la 1967, ndipo kwa zaka zambiri azisudzo akhala akudandaula kuti salandira kanthu ntchito yawo ikaonetsedwa mobwereza. Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu yosintha lamuloli mu 2019, mtsogoleri wa dziko Cyril Ramaphosa anaibweza mu 2020, aphungu anaivomerezanso mu 2024, ndipo chaka chomwecho iye anaitumiza ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Tanthauzo lake n'lakuti zaka 10 zinatha chichotsedwereni anthu 16 aja, dandaulo lawo likadali m'manja mwa andale ndi oweruza. Wowonera amene amasangalala ndi gawo lakale likamabwerezedwa masana ayenera kudziwa kuti nkhope imene akuionayo mwina sikupindula kalikonse ndi kubwerezako, pamene otsatsa malonda alipira kuti uthenga wawo uoneke pakati pa gawolo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza maiko a olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Dziko la Malawi linayamba kukhala ndi wailesi ya kanema yakeyake mu 1999, koma mwambo wa masewero otsatizana unalipo kale pa wailesi ya MBC. Sewero la Tikuferanji linakhala zaka zambiri pakanema, ndipo Michael Usi anamatirana ndi dzina la Manganya kotero kuti ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024, anthu ambiri ankamutchulabe ndi dzina la m'seweromo. Ku Zambia anthu akukumbukirabe Kabanana, ndipo Mpali yakopa owonera m'maiko angapo kudzera pa Zambezi Magic. Ku Zimbabwe kunali Studio 263. M'masewero onsewa, chimene anthu amasunga m'mitima ndi anthu ake, mayendedwe awo ndi kalankhulidwe kawo. Aliyense wofuna kupanga sewero lokhalitsa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka ali ndi phunziro laulere kuchokera ku Johannesburg: ndalama yogulira kamera yatsopano ikhoza kupezeka chaka chilichonse, koma wochita sewero amene owonera akula naye akachoka chifukwa cha malipiro, zaka zake amapita nazo.

Owonera nawo ali ndi gawo lawo. Makampani a kanema amawerenga chiwerengero cha owonera ndipo amamvetsera zimene anthu akulankhula, chifukwa mtengo wa malonda otsatsidwa umadalira pamenepo. Ngati mawu amene akuwafika ndi akuti sewero lakoma ngakhale anthu onse anasinthidwa, phunziro limene atengepo n'lakuti azisudzo ali ngati mababu a magetsi, lina likapsa amangoikapo lina. Koma ngati owonera anena momveka kuti chimene chawabweza pa kanema ndi Lucy amene amudziwa kwa zaka zambiri, ndi Mabaso amene anabwera ndi mbiri yake, eni masewero adzamva kuti chuma chawo chili mwa anthu amene awasunga nthawi yaitali. Kuyamikira kotere kumateteza azisudzo amene alipo lero, kuti tsiku limene adzapemphe malipiro oyenera asadzaonetsedwe khomo monga anzawo a mu 2014.

Choncho amene akuti Generations yakomanso asachite manyazi kunena zimenezo, pakuti maso awo sakuwanamiza. Amene akulirabe yakale nawonso ali ndi chifukwa, pakuti chimene chinatayika chinali chenicheni. Mbali ziwirizi zikhoza kugwirizana pa mfundo imodzi: seweroli linatenga zaka 20 kuti likhale chimene linali, linagumulidwa m'mwezi umodzi, ndipo latenga zaka zinanso zambiri kuti liimenso. Mayina a Menzi Ngubane, Sophie Ndaba ndi anzawo 14 aja ayenera kutchulidwa nthawi iliyonse imene seweroli likuyamikiridwa, pamodzi ndi mayina a amene analimanganso, chifukwa onsewo anagwira ntchito imodzi, ndipo funso la malipiro awo likudikirabe yankho.